ZA SUKULU NDI ZA KUMUDZI: Foni ya Amai Ikhale Mapu a Mwana

Kumwera kwa tauni ya Lusaka, pakati pa Misisi ndi Chawama, pafupi ndi mseu wopita ku Kafue ndiponso njanji yocokera ku Livingstone, kuli komboni ya Kuku. Anthu ambiri okhala kumeneko, monganso m'makomboni ena a mzindawu, mizu yao iri kutali: ena ku Petauke, ena ku Katete, ku Chadiza kapena ku Lundazi, enanso ku Monze, ku Mongu kapena ku Kasama. Koma ana ao anabadwira m'tauni. Mwana wotere amawadziwa bwino lomwe mau a ambuya ake, pakuti amawamva pa foni Sabata iri yonse. Koma atauzidwa kuti aloze ndi cala mbali imene kuli mudzi wa ambuyawo, kawirikawiri amaloza kumene amakwerera minibasi, kapena amangoseka ndi manyazi. Mudzi wa kwao amaudziwa ndi khutu lokha.

Ena angati palibe kanthu, popeza mwanayo moni amapereka ndipo ulemu ali nao. Komatu limadza tsiku la maliro, kapena tsiku lakuti nchito ya atate yatha ndipo banja liyenera kubwerera kumunda. Pamenepo mwana wosadziwa njira ya kwao amafika ngati mlendo pa dziko la makolo ake. Ndiponso pa mayeso a Boma amafunsidwa za mitsinje, mapiri, migodi ndi malire, zinthu zimene kwa iye ndi maina cabe oloweza pamtima usiku n'kuiwalika m'mawa. Phunziro la zinthu zimenezi, limene kusukulu amalicha jogalafe, ana ambiri amaliyesa louma ngati mkute wopanda ndiwo. Cikhalireco cida coliphunzitsira ciri m'thumba la amai ao, kapena comangidwa pa mfundo ya citenje. Foni iri yonse imalunzanitsa malo awiri, ndipo pakati pa malo awiriwo pali mtunda, zitunda, zigwa, mitsinje ndi malire. Mphunzitsi amene afunsa ana za cimene ciri pakatipo wayamba kale kuwaphunzitsa dziko lao.

Sikuti ana azinyamula mafoni kusukulu iai. Masukulu ambiri amaletsa zimenezo, ndipo zifukwa zao n'zomveka. Ndiponso si nyumba iri yonse iri ndi foni yaikulu yoonetsa zithunzi. Kafoni kakang'ono ka mabatani n'kokwanira, ndipo kakhale kunyumba komweko. Mphunzitsi angopatsa ana nchito ya kunyumba yakuti afunse amai kapena atate maina a malo 10 kumene anatumizako foni, kapena kumene foni inacokera, mlungu umenewo. Maina a malo okha. Maina a anthu, manambala ndi nkhani za ndalama ndi cinsinsi ca banja, ndipo zisafike pa bolodi. M'mawa mwake mphunzitsi ajambule dziko la Zambia ndi coko, kapena panja pa dothi ndi kamtengo, ndipo mwana ali yense alembe mzere wocokera ku Lusaka kupita pa malo ake. Kuyambira mu January 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, makalasi a m'makomboni anadzaza kwambiri, ndipo aphunzitsi amatopa nako kuculukako. Pa phunziro ili lokha kuculukako ndi mwai: ana 80 atabweretsa malo 10 ali yense, ndiye kuti pali mizere 800 yoti iuze anawo mbiri yao.

Mizereyo siidzamwazika wamba. Yambiri idzakhala yaifupi, yopita ku Kanyama, ku Matero, ku George, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, kumene kuli azakhali ndi amalume. Pa yaitali, mtolo waukulu udzaloza kum'mawa; wina udzatsata njanji kumpoto, ku Kabwe mpaka ku Ndola ndi ku Kitwe; wina kumwera, ku Mazabuka ndi ku Choma. Apa ndipo mphunzitsi afunse kuti n'cifukwa ciani anthu a kutali cotere anadzaunjikana pamalo amodzi. Lusaka anayamba monga kasiteshoni ka njanji mu 1905, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Mu 1935 atsamunda anasamutsira likulu kumeneko kucokera ku Livingstone, popeza malowo ali pakati, pamene njanji ikomana ndi miseu ya kum'mawa ndi kumpoto. Masiku amenewo munthu wakuda anali kufunika citupa kuti akhale m'tauni. Ufulu utadza mu 1964 anthu anakhamukira ku likulu kukafuna nchito, nyumba za kanselo zinacepa, ndipo obwerawo anamanga pa mapulazi akale ndi pa malo okumbapo miyala. Maina onga John Howard, John Laing ndi George akumbutsa eni malo ndi eni makampani omanga a nthawi imeneyo. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 19 miliyoni m'dziko lonse, ndipo oposa 2 miliyoni mwa iwo anali mu boma la Lusaka lokha. Mwana akaona mzere wa banja lake pakati pa mizere inzake, ciwerengero cimeneci cimaleka kukhala nambala ya m'buku.

MSEU WA KUM'MAWA

Mzere wa coko wocokera ku Kuku kupita ku Chipata umalembedwa kamodzi n'kamodzi, ndipo mau a pa foni amafika mwamsanga momwemo. Apa ndipo pali msampha wa foni: imabisa mtunda. Akulu amene anakhalako masiku a makalata, pamene yankho linali kutenga milungu ndipo uthenga wa maliro unali kudza ndi telegalamu kapena kulengezedwa pa wailesi, mtunda anali kuudziwa ndi kudikira. Mwana wa makono amayesa kuti Chipata ali kuseri kwa Chongwe. Nchito ya mphunzitsi tsono ndiyo kubwezera dothi pansi pa mau.

Njira yake n'kufunsa ana amene anakwerapo basi yopita kum'mawa kuti anene pamene foni ya amai inaleka kugwira. Pafupifupi onse adzanena za malo a mapiri, basi itapitirira Rufunsa, pamene mseu umakhotakhota m'zitunda za Manenekela potsikira ku mlatho wa Luangwa. Kudukaduka kwa netiweki kumeneko kuli ndi zifukwa ziwiri, ndipo zonse ndi jogalafe.

Coyamba ndi maonekedwe a dziko. Munthu akalankhula pa foni, mau ake amasanduka mafunde a wailesi osaoneka ndi maso, amene amathamangira ku nsanja ya foni imene iri pafupi. Kucokera pa nsanjayo mau amaperekedwa ku nsanja zina kudzera m'mbale zomangidwa pamwamba pake, zimene zimayang'anana maso ndi maso, kapena amalowa m'nthambo za galasi zoonda ngati tsitsi, zimene zimanyamula uthenga monga kuwala. Nthambozi zina zimayenda pamwamba pa nsanja za magetsi za ZESCO, zina zinakwiriridwa m'mbali mwa miseu. Mau akafika pa makina a kampani, amatumizidwa ku nsanja imene iri pafupi ndi mudzi wa wolandira. Mafunde amenewa amakonda njira yoongoka. Phiri likaima pakati, amatsekerezeka. Ndico cifukwa cake m'midzi yambiri muli culu, mtengo kapena kacitunda kodziwika kumene anthu amakwera kuti alankhule ndi abale a m'tauni. Lusaka ali pamwamba, pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere; pa mlatho wa Luangwa, makilomita ngati 230 kucokera ku likulu, dziko latsika kufika pa mamita osakwana 500. Kumunsi kwake, ku Feira, kumene Luangwa athira mu Zambezi moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique, ndiko kotsika koposa m'Zambia yense, mamita 329. Mwana amene anamva makutu ake akutseka potsika, naona malambe ndi nsomba zouma zogulitsa pafupi ndi mlatho, namvanso kutentha kwa cigwa, wauona kale ndi thupi lake mutu wonse wa m'buku wonena za cigwa ca Luangwa. Cotsala n'cakuti wina amuuze dzina lake.

Caciwiri ndi kuculuka kwa anthu. Kampani ya foni ndi ya malonda, ndipo imamanga nsanja kumene kuli anthu ambiri ogula talk time. Ku Kuku munthu ataima pamalo oonekera angawerenge nsanja zingapo. M'cigwa cotentha, kumene midzi iri patalipatali, basi imayenda nthawi yaitali osaona ngakhale imodzi. Pa cifukwa cimeneci Boma linalowererapo, ndipo mu 2017 linayamba nchito yomanga nsanja zoposa 1,000, zambiri za izo kumidzi, pamwamba pa zina zimene bungwe la ZICTA linali litamanga kale m'madera a mafumu. Mapu oonetsa kumene foni imagwira ndi mapu oonetsa kumene anthu ali ambiri amafanana ngati mapasa, ndipo mwana amene wazindikira cifukwa cake sadzaiwala.

Basi ikaoloka mlatho, umene unamangidwa mu 1968, imakweranso: Kacholola, Nyimba, Petauke, Sinda, Katete, kenaka Chipata, makilomita pafupifupi 570 kucokera ku Lusaka, ulendo wa tsiku lathunthu. Ana amadabwa akamva kuti munthu wa ku Chipata ali pafupi kwambiri ndi Lilongwe, likulu la Malawi, kuposa ndi likulu la dziko lake. Mtunda wa ku Lilongwe sukwana makilomita 150. Anthu a kumalire, ca ku Mwami ndi ku Vubwi, amadziwa kuti nthawi zina foni imagwira netiweki ya ku Malawi munthu ali m'munda mwake mu Zambia. Mafunde a wailesi sadziwa malire, monganso ubale wa anthu suwadziwa: pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, mu August, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Malire amenewa analembedwa ndi Angelezi ndi Apwitikizi pa mapepala ao, anthu ali kale pamalo pao.

Manambala enieniwo nawonso ndi mapu. Nambala ya ku Zambia imayamba ndi +260, ya ku Malawi +265, ya ku Mozambique +258, ya ku Zimbabwe +263, ya ku Tanzania +255, ya ku Congo +243, ya ku Angola +244, ya ku Namibia +264, ya ku Botswana +267. Amenewo ndiwo maiko 8 ozungulira Zambia, ndipo mwana amene wawaloweza motere ali ndi phindu loposa la mayeso, pakuti akuba a pa foni ndi ambiri, ndipo nyumba imene muli wina wodziwa kuti nambala yacilendo yacokera dziko liti siipusitsidwa msanga. Abale a ku Joni amaimba ndi +27, ndipo nthawi yao ndi yomweyo ya ku Lusaka. Koma wa ku Dar es Salaam ali patsogolo ndi ola 1, wa ku Luanda ali m'mbuyo ndi ola 1, ndipo wamalonda wa ku Kamwala akafuna kulankhula ndi ogulitsa katundu ku China amadzuka m'mamawa, popeza kumeneko ali patsogolo ndi maola 6. Mphunzitsi wokhala ndi lalanje ndi toci m'manja angathe kusonyeza cifukwa cake pa mphindi zocepa.

NDALAMA IULUKA, THUMBA LIKWERA BASI

Kuyambira ca m'ma 2011, pamene makampani anayamba kutumiza ndalama pa foni, tinyumba ta ndalama tofiira ndi tacikasu tadzaza m'mbali mwa miseu ya m'makomboni. Ana afunsenso makolo, popanda kuchula ciwerengero, kuti ndalama zimapita kuti ndipo mwezi uti. Ndiponso kuti kumudzi kumacokera ciani. Adzapeza kuti mizere iri ndi nyengo zake. Mu October ndi November ndalama zimacoka m'tauni kupita kumudzi, za feteleza, mbeu ndi aganyu. Mu January ndi February, nkhokwe zitapepuka, zimapita za ufa. Kuyambira mu May njira imatembenuka: matumba a cimanga, nshawa, nyemba ndi kandolo amakwera basi, ndipo atate amalandira foni yakuti akadikire ku Intercity. Ndalama imafika pa kamphindi, koma thumba la nshawa liyenera kutsika Luangwa ndi kukwera Manenekela monga kale. Ngakhale ndalamayo, ikafika m'foni ya ambuya siinafike m'manja mwao: ngati pamudzi palibe kanyumba ka ndalama, kapena mwini wake alibe ndalama tsiku limenelo, mdzukulu ayenera kupalasa njinga kupita kuboma, ndipo nthawi ya dzinja mtsinje ukadzaza ayenera kudikira.

Amai ambiri a ku Kuku amakaoda malonda ku msika wa Soweto m'mbandakuca, ndipo foni zao zimadziwa dziko kuposa mabuku ena. Kapenta acokera ku Siavonga ndi ku Mpulungu, mpunga ku Nakonde, ku Mongu ndi ku Chama, nyemba ku Mbala ndi ku Solwezi, makala ku nkhalango za ku Chongwe, Rufunsa ndi Mumbwa. Mai wogulitsa tomato amadziwa mwezi umene mtengo umakwera ndi cifukwa cake. Mphunzitsi wodzicepetsa angamuitane mai wotere kuti adzalankhule ndi kalasi kwa theka la ola. Safunsa anadya phula. Ndipo mwana amene waona amai ake akuphunzitsa kalasi amayamba kuyang'ana nchito yao ndi maso ena.

Foni imadya magetsi, ndipo magetsi a Zambia ambiri ndithu amacokera ku madzi. Caka ca 2024 cinaphunzitsa ana onse za cimeneci mowawa. Mvula inakana, ndipo pa 29 February Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, kotero kuti pofika mu September nyumba zambiri zinali kukhala maola 21 pa tsiku zopanda magetsi. Anthu anali kuyendayenda ndi mafoni akufa kufunafuna pochajira, ndipo nsanja zina zinali kuzima mabatire ake akatha. Zambezi amayambira ku Kalene, ca ku Mwinilunga, nalowa mu Angola, nabwerera kudzera m'cigwa ca Barotse ndi pa mathithi a Mosi-oa-Tunya asanafike pa cipupa ca Kariba, cimene cinatha kumangidwa mu 1959. Motero mvula yogwa ku Angola ndi ku Mwinilunga ndiyo imachaja foni ya ku Kuku patapita miyezi. Caka cimeneco a kumudzi amene anali ndi kasola padenga anali kupeza foni za abale a m'tauni ziri zozima. Cinali cinthu cacilendo kuona mudzi ukudandaulira tauni.

Mau opita kunja kwa dziko ali ndi ulendo winanso. Zambia alibe gombe la nyanja yamcere, ndipo bvuto limeneli lasautsa dzikoli kuyambira pa ufulu. Smith atatseka malire a Rhodesia mu 1973, katundu anayenera kupeza njira zina, ndipo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, inatha kumangidwa mu 1975. Mau nawonso anafuna njira yao: mu 1974 Boma linatsegula siteshoni ya Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, imene mbale yake yaikulu inali kulankhula ndi makina oyenda mumlengalenga. Makono uthenga wambiri wa pa intaneti umayenda m'nthambo zogona pansi pa nyanja, zimene zimatulukira pa magombe onga Dar es Salaam kum'mawa ndi Swakopmund wa ku Namibia kumadzulo. Cithunzi cimene mwana wa ku Kuku atumiza pa WhatsApp kwa mbale wake wa ku London cimatsata pafupifupi njira zomwe mkuwa umatsata popita kunyanja. Foniyo nayonso inadza ndi njira zomwezo cobwerera. Mafoni a Tecno ndi Itel, ofala m'makomboni, ndi a kampani ya ku Shenzhen ku China. Koma m'kati mwake muli mkuwa, umene Zambia amakumba ku Solwezi, Chililabombwe ndi Mufulira, ndipo m'batire muli kobati, amene gawo lake lalikulu pa dziko lonse lapansi limacokera ku Congo, kutsidya kwa Kasumbalesa. Funso lakuti n'cifukwa ciani mwala umacoka wochipa n'kubwera wodula ndi loyenera ana a makalasi apamwamba, ndipo mphunzitsi asaliope.

KUKU MWINI WAKE

Codabwitsa n'cakuti foni imene ingaonetse miseu ya ku London ndi maina ake imasokonezeka ikafika pakhomo pa mwanayo. Foni yaikulu imadziwa pamene iri cifukwa imamva makina a GPS oyenda mumlengalenga, makilomita ngati 20,000 kumwamba, ndipo inganene kuti Lusaka ali pa madigiri 15 kumwera ndi 28 kum'mawa. Koma tinjira tambiri ta m'komboni tiribe maina, ndipo munthu woitana galimoto usiku kuti atenge wodwala amalongosola monga acitira kumudzi: mupitirire chalichi, mukhote pa mpope, mufunse pa kantemba. Dalaivala akakhala wacilendo, nthawi imatha, ndipo nthawi ya mai wapakati siidikira.

Kuku ali ndi bvuto linanso limene foni siionetsa. Dera limeneli ndi lathyathyathya, ndipo pansi pake, pafupi ndithu, pali thanthwe la laimu la mapangamapanga. Mvula ikagwa yambiri madzi a pansi amakwera, maenje akale okumbamo miyala, onga damu la Ngwenya ku Misisi, amasefukira, ndipo madzi amalowa m'nyumba n'kukhalamo milungu. Mu 2010 mabanja ambiri a ku Misisi, Kuku ndi makomboni oyandikana nao anasamutsidwa kukakhala m'matenti ku Independence Stadium. Madzi amenewa amasakanizika ndi za m'zimbudzi zokumba nalowa m'zitsime zosaya, ndipo kolera imapeza njira. Mliri umene unayamba mu October 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, ndipo masukulu, m'malo motsegula mu January 2024, anatsegula pa 12 February. Madzi saiwala khwawa: pamene anaima caka catha ndi pomwe adzaimanso.

Tsono mapu ofunika koposa onse ndi amene anawo angajambule okha. Kalasi igawidwe m'magulu monga mwa mbali zimene amakhala. Gulu liri lonse liyese njira yake yopita kusukulu ndi mapazi, lilembe pamene pali mpope, citsime, ngalande, dzala, cipatala, msika, kanyumba ka ndalama ndi nsanja ya foni, ndipo lifunse akulu pamene madzi amafika nthawi ya dzinja: m'kakolo, m'mawondo kapena m'ciuno. Ngati mphunzitsi ali ndi foni yaikulu, angayerekeze cojambula ca ana ndi cithunzi cojambulidwa kucokera kumwamba, ndipo pamenepo ana adzamvetsa za kumpoto ndi kumwera ndi za muyeso wa mapu popanda kukwapulidwa. Ayenera kucita zimenezi nthawi ya cilimwe, ndipo asayandikire maenje a madzi, amene amiza ana kale. Mapu otere, atalembedwa bwino pa pepala lalikulu, angaperekedwe kwa kanselala wa deralo kapena kwa anamwino a pa cipatala, amene amafuna kudziwa nyumba zimene madzi amayamba kulowa.

Ena mwa aphunzitsi adzati silabasi ndi yaitali ndipo nthawi ndi yocepa. Dandaulo lao ndi loona, koma mitu yonse yachulidwa pano, kusamuka kwa anthu, zigwa ndi zitunda, mitsinje, magetsi, migodi, malonda ndi maiko oyandikana, iri kale m'zimene ana amayembekezeka kudziwa. Cosintha ndi khomo lolowera lokha.

Gawo lotsala ndi la akulu a kumudzi, ndipo silifuna sukulu. Mdzukulu akaimba, mwambo ndi wakuti apereke moni, afunsidwe za mayeso, kenaka foni ibwerere kwa amai ake cifukwa talk time ikutha. Mphindi imodzi yoonjezera ingakwane kuti ambuya amuuze cinthu cimodzi ca malo: dzina la mudzi ndi la nyakwawa, mfumu yaikulu ya dzikolo, mtsinje umene amatungako madzi ndi kumene umathira, phiri limene dzuwa limatulukira, siteshoni imene basi imatsitsa anthu ndi mtunda wotsala woyenda pansi. Mwanayo naye aphunzitsidwe kufunsa mwaulemu: “Ambuya, kodi mvula yayamba kwanuko? Nanga dambo lija ladzaza?” Akalemba mayankho m'kope mlungu ndi mlungu, pakutha kwa caka adzakhala ndi kalendala ya mvula, kubzala, kupalira ndi kukolola ya dera la kwao, yoti aiyerekeze ndi ya mnzake wa ku Mongu kapena wa ku Kasama, kumene mvula imagwa yoculuka ndi kukhalitsa.

Nthawi zina ambuya ndiwo adzakonza mapu a kusukulu. Mapu ena opacikidwa m'makalasi ndi akale, oonetsa zigawo 9, pamene kuyambira mu 2011, cigawo ca Muchinga citakhazikitsidwa, zigawo ndi 10, ndipo maboma anafika 116. Chama anacotsedwa ku cigawo ca Kum'mawa mu 2011 nabwezedwanso mu 2021. Mwana amene atate ake amati kwao ndi ku Petauke kapena ku Katete angamve kwa ambuya ake kuti kuyambira mu 2012 mudzi wao uli mu boma la Sinda, ndipo wa ku Lundazi angamve za Lumezi ndi Chasefu, wa ku Chipata za Kasenengwa ndi Chipangali, maboma amene anabadwa mu 2018 ndipo pa mapu akale a pakhoma sapezeka.